Kachirombo ka CMV: ka m'labotale ndi ka m'mudzi n'kamodzi?

Mu Okutobala 2025 kampani ya Moderna ya ku America idalengeza kuti katemera wake wolimbana ndi kachirombo ka cytomegalovirus, komwe ambiri amangokatchula kuti CMV, walephera pa gawo lachitatu la kafukufuku. Katemerayu adamuyesa pa amayi ndi atsikana oposa 7,000 a zaka zapakati pa 16 ndi 40, ndipo sadawateteze mokwanira kuti asatenge kachiromboka. Aka sikanali koyamba. Ntchito yofunafuna katemera wa CMV idayamba m'zaka za m'ma 1970, koma mpaka lero palibe ndi mmodzi yemwe amene adavomerezedwa.

Nkhaniyi ikhoza kuoneka yakutali kwa namwino wa pachipatala chaching'ono kapena mlangizi wa zaumoyo wa kumudzi, komatu ikukhudza ana amene amawakweza sikelo mwezi ndi mwezi. Mwa tizirombo tonse timene mwana amatengera kwa mayi ake ali m'mimba, CMV ndiko kamapezeka kwambiri padziko lonse. Ndiko kamatsogolanso pochititsa ana kusamva, kupatulapo kusamva kwakumtundu. Choncho m'pofunika kuuyang'anitsitsa kafukufuku wa m'labotale amene makatemerawa adachokerako. Kafukufukuyu adavumbula zambiri zoona, koma kwa zaka zochuluka ankaphunzira kachirombo kozolowera m'mbale ya labotale, m'maselo a mtundu umodzi, pofuna kuteteza mayi amene ku Malawi sapezekapezeka.

Zomwe labotale idapezadi

Kachirombo ka CMV ndi ka m'banja limodzi ndi tizirombo toyambitsa katsabola ndi mashingozi. Kamafala kudzera m'malovu, mkodzo, mkaka wa m'mawere, magazi ndi kugonana, ndipo kakalowa m'thupi sikachokamo. Selo logwidwa nako limatupa, ndipo poliyang'ana pa maikulosikopu limaoneka ngati diso la kadzidzi. Ofufuza atatu, Margaret Smith, Wallace Rowe ndi Thomas Weller, aliyense payekha, adakwanitsa kukachulukitsa m'labotale mu 1956 ndi 1957. Weller ndiye adakapatsa dzina lakuti cytomegalovirus mu 1960.

Chachikulu chimene labotale idapereka ndi kufotokoza momwe kachiromboka kamazembera chitetezo cha m'thupi. DNA yake ili ndi zilembo pafupifupi 235,000, kuposa za HIV maulendo oposa 20, ndipo mbali yaikulu ya malangizo amenewa ntchito yake ndi kubisa kachiromboka. Maselo a m'thupi amakhala ndi mapuloteni otchedwa MHC class I, omwe amatenga tizidutswa ta zopangidwa m'kati mwa selo n'kutiyala kunja, monga wogulitsa amayalira malonda pakhonde. Maselo a CD8 amayendera malondawo, ndipo akaona kachidutswa kachilendo amapha selolo. Mu 1996 gulu la Hidde Ploegh ku America lidaonetsa kuti mapuloteni awiri a CMV, US2 ndi US11, amakoka MHC yongopangidwa kumene n'kukaitaya komwe selo limaphwanyira zinyalala. Ina, US3, imaitsekereza m'kati, pomwe US6 imatseka khomo lomwe tizidutswa tija timadzera.

Thupi lili ndi yankho pa zimenezi. Maselo otchedwa NK amapha selo lililonse limene lasiya kuyala MHC. Koma nawonso CMV kadawakonzera msampha: kamapanga puloteni ya UL18 yofanana ndi MHC, kuti selo lodwala lizioneka ngati lili bwinobwino. Kamapanganso puloteni yake yotsanzira IL-10, yomwe m'thupi imagwira ntchito yoziziritsa chitetezo. Ku Cambridge, John Sinclair ndi Patrick Sissons adaonetsa m'zaka za m'ma 1990 kuti kachiromboka kamagona mwakachetechete m'maselo a m'mafuta a m'mafupa ndi m'maselo a m'magazi otchedwa monocyte, n'kudzadzuka maselowo akakhwima kapena chitetezo chikatsika. Mu 2005 ofufuza a ku Oregon adapeza kuti mwa akuluakulu amene ali ndi CMV, pafupifupi selo limodzi mwa maselo 10 a T osunga chikumbukiro cha matenda limakhala lolondera kachirombo kamodzi kameneka.

Zonsezi ndi zolimba, ndipo ofufuza osiyanasiyana adazitsimikiza. Zimafotokoza chifukwa chake munthu wathanzi amakhala ndi CMV moyo wake wonse osadwala, pomwe amene CD4 yake yatsika kufika pansi pa 50 akhoza kuchita khungu chifukwa cha kachirombo komweko. Mankhwala a letermovir, omwe adavomerezedwa ku America mu 2017, ndi maribavir wa mu 2021, adatheka chifukwa chodziwa bwino mapuloteni a kachiromboka. Vuto lagona pa zimene anthu adaganiza kuti zotsatirazi zikutanthauza kunja kwa labotale.

Kachirombo koweta

CMV kotengedwa kumene kwa wodwala kamavuta kuweta. Kamakula pang'onopang'ono ndipo kamamatirira m'maselo. Ofufuza oyambirira adapeza kuti kamalola kukula m'maselo otchedwa fibroblast, omwe amapezeka pansi pa khungu ndi m'ziwalo zina, ndipo kuti akamakasamutsa kuchoka mbale ina kupita ina maulendo ambirimbiri kamayamba kukula msanga. Mtundu wa AD169, umene Rowe adautenga m'tinyama ta kuseri kwa mphuno ya mtsikana wina mu 1956, udasanduka muyezo wa malabotale padziko lonse. Mtundu wa Towne, umene Stanley Plotkin adaukonza kukhala katemera mu 1975, adausamutsa maulendo 125. DNA ya CMV itawerengedwa yonse koyamba ku Cambridge mu 1990, idali ya AD169.

Mu 1996 Tai-An Cha ndi anzake ku California adayerekeza mitundu ya m'labotaleyi ndi wina wotchedwa Toledo, umene sudasamutsidwe kwambiri. Adapeza kuti kachirombo kochokera kwa odwala kali ndi ma gene osachepera 19 omwe mu AD169 mulibe. Ma gene ndi zigawo za DNA zonyamula malangizo opangira puloteni. Zilembo pafupifupi 15,000 zidali zitasowa. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: m'mbale mulibe maselo a NK, mulibe ma antibody, mulibe nsengwa yoti kachirombo kawoloke. Malangizo alionse othandiza pa zinthu zimenezi amangokhala katundu wolemetsa, ndipo kachirombo komwe kawataya kamaswana msanga n'kupitirira anzake.

Zimene zidasowazo sizinali zamasewera. Mwa izo munali UL141, yomwe ofufuza a ku Cardiff adaonetsa mu 2005 kuti imateteza selo lodwala kwa maselo a NK. UL138, yomwe imathandiza kachirombo kugona mwakachetechete. Ndi UL146, yomwe imaitana maselo oyera a m'magazi kuti abwere pomwe pali kachiromboka. Kwa zaka 40, ofufuza ambiri ankakhala ngati munthu wofuna kudziwa khalidwe la nguluwe amene watha moyo wake akuyang'ana nkhumba ya m'khola. Zambiri n'zofanana, koma zomwe zimaopsa mwini munda ndi zomwe nkhumbayo idaziiwala.

Kenaka padatulukanso china. Mu 2004 ndi 2005 magulu a Gabriele Hahn ndi Giuseppe Gerna ku Ulaya, komanso Dai Wang ndi Thomas Shenk ku Princeton, adaonetsa kuti CMV kali ndi makiyi awiri osiyana olowera m'maselo. Kiyi woyamba amakwanira kulowa mu fibroblast. Wachiwiri, wopangidwa ndi mapuloteni asanu ndipo amatchedwa pentamer, ndi amene amafunika kuti kalowe m'maselo okuta m'kamwa, m'mawere, njira ya abambo ndi amayi, ndi m'kati mwa mitsempha ya magazi. Amenewa ndiwo makomo enieni amene kachiromboka kamalowera ndi kutulukira m'thupi la munthu. AD169 ndi Towne onse adali ndi kiyi wachiwiriyu wothyoka.

Ofufuza akuyenera kuyamikiridwa chifukwa cholakwikachi adachitulukira okha ndipo adachilengeza poyera. Ku Cardiff adatenga kachirombo mumkodzo wa khanda lobadwa ndi CMV, n'kukatcha Merlin, ndipo mu 2010 Richard Stanton ndi anzake adasunga DNA yake m'njira yoti isasinthe. Chaka chomwecho bungwe la WHO lidasankha Merlin kukhala muyezo wa mayeso a PCR. Koma kafukufuku wa Stanton yemweyo adachenjeza kuti kachirombo kangoikidwa mu fibroblast, ma gene ena monga RL13 ndi a pentamer amayamba kuwonongeka m'masabata ochepa. Choncho mawu akuti "kachirombo kochokera kwa wodwala" olembedwa m'lipoti sakukwanira paokha. Lipoti labwino limanena maulendo amene kadasamutsidwa ndiponso ngati DNA yake idawerengedwanso kafukufukuyo atatha.

Muyezo umene udasocheretsa

Popanga katemera, ofufuza amafuna chizindikiro cha m'labotale chosonyeza kuti munthu watetezeka. Pa CMV ankatenga magazi a wolandira katemera, n'kuwasakaniza ndi kachirombo, n'kuona ngati ma antibody ake, omwe ndi mapuloteni a chitetezo ogwira tizirombo, akukalepheretsa kulowa m'maselo. Kwa nthawi yaitali maselowo anali fibroblast ndipo kachiromboko kanali AD169 kapena Towne. Pa muyezo umenewu katemera wa Towne ankaoneka wabwino. Pa anthu, adachepetsa kudwalika mwa oikidwa impso ya munthu wina, koma sadaletse kutenga kachiromboka, ndipo mu 1995 adalephera kuteteza amayi amene ana awo ankapita ku sukulu zamkombaphala ku Virginia. Mu 2008 ofufuza a ku Richmond atabwereza muyezowo m'maselo okuta ziwalo, adapeza kuti ma antibody obwera ndi katemera wa Towne ndi ofooka kwambiri poyerekeza ndi a munthu amene adatenga kachiromboka mwachibadwa.

Apa ambiri adati yankho lapezeka: katemera akhale ndi pentamer. Mu 2010 gulu la Antonio Lanzavecchia ku Switzerland lidaonetsa kuti ma antibody amphamvu kwambiri potsekereza CMV ndi amene amagwira pentamer. Kampani ya Merck idakonza AD169 n'kuibwezeretsera pentamer, koma katemerayo, V160, adateteza amayi pafupifupi 42 mwa 100 okha, ndipo sadafike pamlingo umene ofufuza adadziikira. Wa Moderna uja adali ndi pentamer pamodzi ndi puloteni ya gB, ndipo m'magawo oyambirira adabweretsa ma antibody otsekereza ochuluka zedi. Nayenso adagwa.

Chodabwitsa n'chakuti katemera amene adachitako bwino ndi wa gB yokha, wopanda pentamer. Mu 2009 Robert Pass adalengeza kuti katemerayu adachepetsa ndi theka chiwerengero cha amayi otenga CMV ku Alabama. Mu 2018 magulu awiri, lina ku America lina ku London, atapimanso magazi a omwe adalandira katemerayu, adapeza kuti ma antibody awo sankatsekereza kwenikweni kachirombo kulowa m'maselo. Chitetezo chimene adapezacho chidadzera njira ina, mwina yoti ma antibody amangoika chizindikiro pa kachirombo kapena pa selo lodwala kuti maselo ena a chitetezo adzathane nazo. Mwachidule, muyezo umene malabotale adaudalira kwa zaka zambiri sudalosere molondola katemera wolephera ngakhale wochitako bwino. Zimenezi ziyenera kukumbukiridwa nthawi iliyonse pakamveka nkhani yakuti katemera kapena mankhwala ena "agwira ntchito m'labotale".

Nyama nazo sizithandiza mokwanira. CMV ka anthu sikakula m'nyama ina iliyonse, moti ofufuza amagwiritsa ntchito abale ake. Ka mbewa sikawoloka nsengwa, choncho sikangayankhe funso lalikulu la momwe mwana amatengera ali m'mimba. Ka mbira kamawoloka, ka anyani a mtundu wa rhesus nakonso kamawoloka, koma anyaniwa ndi odula ndipo kafukufuku wake amakhala wa nyama zowerengeka. Pa kafukufuku wa mu 2015 wa gulu la Sallie Permar, anyani oyembekezera amene adawachotsa dala maselo a CD4 adapatsira ana awo kachiromboka ndipo ambiri adapita padera. Phunziro lake ndi lofunika kwa mayi amene ali ndi HIV, komabe lidachokera pa anyani owerengeka okha.

Mayi amene ofufuza ankamuganizira

Chilema chachikulu cha kafukufukuyu chili pa munthu amene adasankhidwa kuti atetezedwe. Makatemera onse atchulidwawa cholinga chawo chinali kuteteza mayi amene sadatengepo CMV. Maganizo ake ali ndi maziko. Mayi akatenga kachiromboka koyamba ali woyembekezera, pafupifupi mmodzi mwa atatu amapatsira mwana wa m'mimba, pomwe kwa amene adali nako kale ndi pafupifupi mmodzi kapena awiri mwa 100. Ku Ulaya ndi ku America, komwe amayi ambiri amafika msinkhu wobereka asanatenge kachiromboka, kuteteza gulu limeneli n'kwanzeru.

Mu Africa zinthu zili mosiyana. Ku Sukuta m'dziko la Gambia ofufuza adapeza kuti ana 85 mwa 100 alionse amakhala atatenga CMV pofika chaka chimodzi. Ku Lusaka, kafukufuku wofalitsidwa mu 2012 adapeza kuti ana oposa 80 mwa 100 adali nako pofika miyezi 18. Ku Karonga, lipoti la mu 2008 la Anne Ben-Smith ndi anzake lidayerekeza achinyamata a ku Malawi ndi a ku Britain. A ku Malawi onse amene adayezedwa adali ndi CMV, pomwe a ku Britain sadafike theka, ndipo a ku Malawiwo adali ndi maselo a T ochepa amene sadakumanepo ndi matenda. Mayi wobwera ku sikelo ku Chilumba kapena ku Ndirande, mwachionekere, adatenga kachiromboka ali wakhanda.

Zikadakhala kuti chitetezo chakale chimatchinjiriza mwana kotheratu, ana obadwa ndi CMV akadakhala osowa m'maiko otere. Zoona zake n'zakuti ndi komwe achuluka. Ku America mwana mmodzi mwa 200 amabadwa nako. Ku Ribeirão Preto m'dziko la Brazil, komwe amayi oposa 95 mwa 100 adali nako kale, kafukufuku wa mu 2009 adapeza mwana mmodzi mwa 100, ndipo ena mwa iwo adapezeka ndi vuto la kusamva. Ku Gambia adapeza ana 40 mwa 741, kutanthauza oposa asanu mwa 100. Chiopsezo cha mayi mmodzi payekha n'chaching'ono, koma amayiwo ndi ochuluka ndipo kachiromboka kali ponseponse powazungulira.

Labotale idaperekako kafotokozedwe kena. Mu 2001 Suresh Boppana ndi anzake ku Alabama adaonetsa kuti amayi ambiri amene adali ndi chitetezo koma n'kubereka ana a CMV adali atatenga mtundu wina wa kachiromboka pakati pa mimba ziwiri. Mu 2019 ofufuza atawerenga DNA ya CMV yopezeka mumkaka wa m'mawere wa amayi a ku Zambia amene ali ndi HIV, adapeza kuti ambiri adali ndi mitundu ingapo nthawi imodzi. Apa ndi pomwe mtunda wa pakati pa mbale ya labotale ndi mudzi ukuonekera poyera. M'mbale muli mtundu umodzi, selo la mtundu umodzi, ndi chitetezo chongoyamba kumene. Mwa mayi wa kumudzi muli mitundu ingapo, chitetezo chimene chalimbana ndi kachiromboka kwa zaka 20, ndipo nthawi zina malungo, HIV ndi kuperewera kwa zakudya m'thupi.

Ngakhale chithandizo chatsopano chikutsata mkhondo womwewo. Mu 2020 kafukufuku wa ku Israel adaonetsa kuti mankhwala a valaciclovir, magalamu 8 patsiku, amachepetsa kupatsira mwana wa m'mimba, koma adawayesa pa amayi otenga kachiromboka koyamba kumayambiriro kwa mimba. Kuti mayi wotere adziwike pamafunika kuyeza magazi mobwerezabwereza. Kwa mayi amene ali nako kale, kuyeza ma antibody a IgG sikungasonyeze ngati kadzuka kapena ngati watenga mtundu wina. Funso la momwe angatetezedwere mwana wa mayi ameneyu ndi lomwe likukhudza ana ambiri padziko, koma ndi lomwe lalandira ndalama ndi nthawi yochepa.

Kafukufuku wa mu Africa nayenso ali ndi malire

Kungakhale kukondera kudzudzula malabotale akunja n'kulandira zotsatira za mu Africa osazifunsa mafunso. Lipoti la mu 2014 lochokera pa chipatala cha University Teaching Hospital ku Lusaka lidapeza CMV mwa makanda 15 mwa 395, ndipo mwa obadwa kwa amayi amene ali ndi HIV chiwerengero chidali pafupifupi 11 mwa 100. Koma awa adali makanda ogonekedwa m'chipinda cha odwalika, moti nambalayi siingaimire ana onse a ku Zambia. Kafukufuku wa ku Karonga adali wa achinyamata owerengeka, ndipo olemba ake adaika chizindikiro cha funso pamutu pa lipoti lawo, chifukwa achinyamata a maiko awiriwa amasiyana pa zinthu zambiri kuwonjezera pa CMV.

N'chimodzimodzinso ndi nkhani ya chifuwa chachikulu. Mu 2021 kafukufuku wa ku Drakenstein, kufupi ndi Cape Town, adapeza kuti ana otenga CMV asanakwanitse chaka adali ndi chiopsezo chokwera pafupifupi katatu chodwala TB ali aang'ono. Izi zikugwirizana ndi zomwe labotale idaonetsa zakuti CMV kamasintha maselo a T ndi a NK. Komabe zinthu ziwiri kuyendera limodzi sikutsimikiza kuti china chikuyambitsa chinzake. Nyumba yothithikana imafalitsa CMV ndi TB yemwe. Njira yodalirika yodziwira ndi kupereka mankhwala kwa gulu lina n'kuyerekeza ndi gulu losalandira. Mtundu wa kafukufuku umenewu ndi umene adautsata a EMPIRICAL, omwe adayesa valganciclovir pa makanda a HIV odwala chibayo chachikulu m'maiko asanu ndi limodzi a mu Africa, kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi Mozambique. Kafukufuku wotere ndi amene akufunika kuchuluka, limodzi ndi wotsata ana obadwa ndi CMV kwa zaka zingapo kuti kudziwike angati amasiya kumva.

Zoyenera kutengapo

Wogwira ntchito zaumoyo akamva za zotsatira zatsopano za CMV, mafunso atatu angamuthandize. Kodi adagwiritsa ntchito kachirombo kati, koweta kapena kotengedwa kumene kwa wodwala? Kodi adakayesa m'maselo ati, kapena m'nyama iti? Kodi anthu amene adayesedwa adali nako kale kapena ayi? Lipoti losayankha mafunsowa silinganene zambiri za wodwala wa ku Malawi.

Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku pali zinthu zomwe zakhazikika. Mayi kupezeka ndi IgG ya CMV si matenda, komanso si chitsimikizo chakuti mwana wake ndi wotetezeka. Kuyamwitsa kupitirire. Mkaka wa m'mawere umanyamuladi kachiromboka, koma mwana wobadwa masiku atakwana akakatenga atabadwa kale nthawi zambiri sadwala, ndipo phindu la kuyamwitsa ndi lalikulu kwambiri. Amene amafuna kuunikidwa mwapadera ndi makanda obadwa masiku asanakwane, olemera pansi pa magalamu 1,500. Kuwonongeka kwa makutu ndi ubongo kumadza makamaka kachirombo kakamulowa mwana ali m'mimba.

N'chifukwa chake nthawi yoyezera ili yofunika. Kuti zitsimikizike kuti mwana adabadwa nako, mkodzo kapena malovu ake ayezedwe pa PCR asanakwanitse masiku 21. Kupyola apo, sizingasiyanitsidwe ndi kotengera pakuyamwa. Malovu atengedwe patapita ola limodzi kapena kuposa mwana atayamwa, ndipo akasonyeza kachirombo atsimikizidwe ndi mkodzo. Khanda la mutu waung'ono, lachikasu kuyambira tsiku loyamba, la timadontho tofiira pakhungu, lotupa chiwindi kapena kapamba, kapena lochepa thupi mosagwirizana ndi miyezi yake, litumizidwe msanga ku chipatala chachikulu. Kafukufuku wa David Kimberlin wa mu 2015 adaonetsa kuti valganciclovir woperekedwa kwa miyezi 6, kuyambira mwezi woyamba wa moyo, amathandizako pa kamvedwe ndi kakulidwe ka makanda obadwa ndi zizindikiro. Mankhwalawa akhoza kutsitsa maselo oyera a m'magazi, choncho amafuna dokotala ndi kuyeza magazi pafupipafupi.

Pafupifupi ana 9 mwa 10 obadwa ndi CMV saonetsa chizindikiro chilichonse pobadwa, ndipo ena mwa iwo amayamba kusamva patapita miyezi kapena zaka. Apa ndi pomwe alangizi a zaumoyo ndi mavolontiya ali ndi gawo lomwe labotale siingalikwanitse. Pa sikelo ya ana, mayi afunsidwe ngati mwana amadzidzimuka ndi phokoso, ngati amacheuka akaitanidwa, ndiponso ngati wayamba kutchula mawu pa msinkhu wake. Wokayikitsa atumizidwe kokayezetsa makutu, monga ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre kapena ku ABC Hearing Clinic ku Lilongwe. Mwana wodziwika msanga amathandizidwa asanataye zaka zophunzirira kulankhula.

Amayi oyembekezera alangizidwe kusamba m'manja ndi sopo akasintha thewera kapena akapukuta mwana mamina ndi dovu, kusadyera supuni imodzi ndi mwana wamng'ono, ndi kumupsompsona pamphumi m'malo mwa pakamwa. Umboni wa malangizowa udachokera ku France ndi ku Italy mwa amayi amene adalibe kachiromboka, choncho asaperekedwe ngati lonjezo kapena m'njira yoti mayi adzadziimbe mlandu mwana akadzapezeka ndi vuto. Ndi osadula, ndipo amatetezanso ku kutsekula m'mimba ndi chimfine. Kwa mayi amene ali ndi HIV, kumwa ma ARV mokhulupirika kumasunga maselo a CD4, omwe ndi amene amapanikiza CMV. Munthu wa CD4 yotsika akadandaula kuti akuona zinthu zoyandama m'maso kapena kuti maso achita chidima, atumizidwe kwa a maso mosazengereza.

Zaka pafupifupi 70 za kafukufuku wa m'labotale zaonetsa mwatsatanetsatane momwe CMV kamabisalira m'thupi. Chatsala ndi kufufuza momwe kamawolokera kupita kwa mwana wa mayi amene wakhala nako kuyambira ukhanda. Ntchito imeneyi ikufuna kachirombo kotengedwa kwa amayi a kuno, nsengwa zochokera m'zipinda zochiriramo za kuno, ndi ana otsatidwa bwino m'mabuku a sikelo. Zipangizo za PCR zidafika kale m'zipatala zikuluzikulu chifukwa cha HIV ndi COVID-19. Masukulu a zaumoyo ndi mabungwe ofufuza ali ndi poyambira.